Mesopotamia: mizinda ya dothi idagwa, malisiti ake akadalipo

Kummwera kwa dziko la Iraq, makilomita pafupifupi 30 kum'mawa kwa tawuni ya Samawah, kuli zitunda zadothi zomwe eni dera amazitcha Warka. Malowa ndi ouma, afumbi lokhalokha, ndipo mtsinje wa Euphrates womwe kale unkadutsa pomwepo udasintha njira n'kusamukira kutali. Wodutsa mosadziwa angaziyese zulu zikuluzikulu chabe. Komatu pansi pa zitundazi pagona Uruk, mzinda womwe zaka zoposa 5,000 zapitazo udalibe unzake wolingana nawo kukula padziko lonse lapansi. Baibulo limautchula m'buku la Genesis ndi dzina loti Ereke.

Akatswiri ofukula zakale a ku Germany adayamba kukumba malowa mu 1912, ndipo m'zaka zotsatira adapeza mapale a dongo zikwi zingapo, ang'onoang'ono okwana m'dzanja, okhala ndi zizindikiro zokandidwa. Mapalewa adalembedwa pakati pa zaka za 3300 ndi 3000 Yesu asanabadwe, choncho ali m'gulu la zolemba zakale kwambiri zomwe munthu adasiya. Munthu angayembekezere kuti mawu oyamba kulembedwa adali pemphero kapena nyimbo yotamanda mfumu. Ayi ndithu. Ochuluka zedi mwa mapalewa ndi mawerengero a katundu: barele wolowa m'nkhokwe, mitsuko ya mowa, nkhosa, nsalu ndi phoso la antchito. Kulemba kudayamba ngati lisiti.

Mbiri ya mizinda ya Mesopotamia imamveka bwino ikayambira pa lisiti limeneli, chifukwa zambiri zomwe anthuwa amatchuka nazo, monga malamulo, masamu ndi kudziwa kayendedwe ka nyenyezi, zidaphuka pa zinthu ziwiri: dongo lomwe adali nalo losatha, ndi khalidwe lawo lowerengera ndi kulemba chilichonse.

Dziko lopanda miyala

Dzina loti Mesopotamia adapereka ndi Agiriki, ndipo limatanthauza dziko la pakati pa mitsinje. Mitsinjeyo ndi Tigris ndi Euphrates, yomwe imachokera m'mapiri a ku Turkey, n'kutsika kudzera m'madera omwe lero ndi Syria ndi Iraq mpaka kukathira m'nyanja ya Persian Gulf. Chigawo chakummwera, chomwe chinkatchedwa Sumer, ndi chigwa chathyathyathya cholandira mvula yochepa kwambiri moti mlimi wodalira kumwamba sangakololeko kanthu. Kudalibe miyala yomangira yokwanira, kudalibe mitengo ikuluikulu yocheka matabwa, kudalibenso mkuwa, siliva kapena golide. Chomwe chidalipo ndi matope, bango, mitengo ya kanjedza, nsomba ndi phula lotumphuka lokha m'nthaka.

Mitsinjeyo nayo sidali yophweka kukhala nayo. Imadzaza cha m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, chipale chofewa chikasungunuka kumapiri, nthawi yomwe barele wacha ndipo akudikira kukololedwa. Pa nthawi yodzala, pomwe mlimi afunitsitsa madzi, mitsinjeyo imakhala itaphwera. Kuti anthu akhale ndi moyo m'chigwachi adayenera kukumba ngalande zothiririra minda, kumanga milambala yotchinga madzi osefukira, ndi kuchotsa matope m'ngalandezo chaka ndi chaka. Imeneyi si ntchito ya banja limodzi. Pafunika anthu mazanamazana, ndipo pomwe pali anthu otero pafunikanso wina wodziwa kuti wagwira ntchito masiku angati ndani, ndipo alandire chakudya chochuluka bwanji.

Eni ake ankakhulupirira kuti mzinda woyamba udali Eridu, kufupi ndi madambo a kummwera, kwawo kwa Enki, mulungu wa madzi abwino ndi nzeru. Ofukula adapeza kumeneko makachisi omangidwa wina pamwamba pa mnzake kwa zaka zikwi zambiri, kuyambira kakanyumba kamodzi ka zidina ka cha m'ma 5000 BC. Umu ndi momwe zitunda zija zidakulira: nyumba ya zidina ikagwa ankaisalaza n'kumanga ina pamwamba pake.

Momwe chithunzi chidasandukira mawu

Pofika chaka cha 3100 BC, Uruk udali ndi anthu omwe akatswiri amawayerekeza kuti adali pafupifupi 40,000, ndipo patsogolo pake udazunguliridwa ndi linga lotalika makilomita 9, lomwe nthano imati adamanga ndi mfumu Gilgamesh. Pakati pa mzindawu padali makachisi a Inanna, mulungu wamkazi wa chikondi ndi nkhondo. Kachisi wa nthawi imeneyo sadali malo opempherera okha. Adali ndi minda, ziweto, nkhokwe ndi nyumba zowomberamo nsalu, ndipo ankadyetsa khamu la antchito.

Paliponse pomwe anthu a ku Uruk adafika, ofukula amapeza timbale tadothi tosakongola, toumbidwa mwaliwiro, tofananafanana kukula, tambirimbiri. Akatswiri ambiri amaganiza kuti timbaleti n'tomwe antchito ankalandiriramo phoso lawo. Chochititsa chidwi n'choti m'zolemba zoyambirira zija, chizindikiro cha mawu oti "kudya" ndi mutu wa munthu uli pafupi ndi kambale kooneka chimodzimodzi.

Poyamba alembi ankajambula chinthu chenichenicho: ngala ya barele, mtsuko, mutu wa ng'ombe, ndi timaenje tosonyeza chiwerengero. Koma dzina la munthu mungalijambule bwanji? Nanga "moyo" kapena "ngongole"? Njira yomwe adaitulukira munthu wolankhula Chichewa angaimve msanga. Wofuna kulemba mtengo wa katundu pamsika atha kujambula mtengo wa m'nkhalango, poti mawuwo amamveka pafupifupi mofanana. M'chinenero cha Asumeri, mawu otanthauza muvi ndi otanthauza moyo ankamveka mofanana, "ti", choncho chithunzi cha muvi chidayamba kuimira moyo, kenako n'kuimira liwu loti "ti" paliponse pomwe lamveka. Chizindikiro chitayamba kuimira kamvekedwe m'malo mwa chinthu, chilichonse chotuluka pakamwa chidatha kulembedwa. Kusinthaku kudatenga zaka mazana angapo.

Kujambula mizere yokhota padongo lonyowa n'kovuta, motero alembi adayamba kungodinda nsonga ya bango losemedwa, n'kumasiya timabala tooneka ngati timisomali. Kalembedwe kameneka, komwe akatswiri amakatcha cuneiform, kadagwira ntchito zaka zoposa 3,000, ndipo mitundu ina idakabwereka polemba zinenero zawo: Chiakadi, Chielamu, Chihiti ndi zina. Pamapale ena a ku Uruk pamapezeka kangapo mawu oti Kushim pambali pa mawerengero a barele. Ngati limeneli lidali dzina la munthu osati la udindo, ndiye kuti mmodzi mwa anthu oyamba kudziwika ndi dzina m'mbiri yonse sadali mfumu kapena mneneri koma kalaliki wa nkhokwe.

Madzi, malire ndi manda a ku Ur

Sumer silidali dziko limodzi. Lidali mizinda yodziimira payokha, uliwonse ndi mulungu wake ndi mfumu yake, koma yonse ikumwa madzi a mitsinje imodzimodzi. Mzinda wa kumtunda ukapatutsa madzi, wa kumunsi unkafota. Lagash ndi Umma idalimbirana chigwa chachonde cha Gu'edena kwa mibadwo ingapo, ngakhale mfumu Mesilim ya ku Kish idayesa kuweruza n'kuimika mwala wa malire. Cha m'ma 2450 BC, Eannatum wa ku Lagash adagonjetsa Umma n'kusemetsa chipilala chomwe chikusonyeza miimba itanyamula mitu ya adani ophedwa. Zidutswa zake zili ku Louvre mumzinda wa Paris. Ngakhale pankhondo imeneyi alembi sadasiye khalidwe lawo, pakuti a ku Lagash adalemba barele yemwe Umma idayenera kulipira chifukwa cholima munda wa eni, ndi chiwongoladzanja chake chomwe.

Ulimi wamthirira udali ndi mdani wina wosaoneka. Madzi akaima m'munda n'kuuma ndi dzuwa amasiya mchere, ndipo mcherewo ukachuluka nthaka imayera n'kuleka kubereka. Akatswiri ena amati n'chifukwa chake alimi a kummwera adadalira kwambiri barele, yemwe amapirira mchere kuposa tirigu, ngakhale ena amatsutsa kukula kwa vutoli.

Kulemera kwa mizindayi kudaonekera poyera pomwe Leonard Woolley wa ku Britain adafukula mzinda wa Ur, pafupi ndi Nasiriyah, kuyambira 1922 mpaka 1934. Uwu ndi mzinda womwe anthu ambiri amakhulupirira kuti ndi kwawo kwa Abrahamu, ndipo Papa Francis adakachitirako mapemphero pamodzi ndi atsogoleri a zipembedzo zina mu Malichi 2021. Woolley adapeza manda pafupifupi 1,800, ndipo 16 mwa iwo adawatcha achifumu. M'manda a mfumukazi Puabi, ya cha m'ma 2500 BC, mudali chisoti cha masamba agolide, azeze okongoletsedwa, ndi mikanda ya mwala wobiriwira ngati thambo wotchedwa lapis lazuli, womwe umakumbidwa ku Afghanistan. Mikanda ina yofiira idachokera kuchigwa cha Indus, komwe lero ndi Pakistan ndi India. Dziko lopanda miyala lidafika pogula miyala ya mtengo wapatali kuchokera kutali chotero pogulitsa nsalu zaubweya ndi zokolola.

Koma m'dzenje limodzi la manda omwewo mudapezeka mitembo 74, mwa iyo 68 ya akazi ovala mikanda ndi golide, itagonekedwa m'mizere. Woolley adaganiza kuti anthuwa adamwa okha mankhwala akupha kuti aperekeze mbuye wawo. Patapita zaka zambiri, akatswiri a ku Pennsylvania adaunika zigaza zina ndi makina amakono n'kupeza zipsera zosonyeza kuti adakanthidwa m'mutu ndi chida. Yemwe akusirira golide wa ku Ur ayenera kukumbukiranso atumiki amenewa.

Cha m'ma 2334 BC, Sargon wa ku Akkad adagonjetsa mizinda yonse ya Sumer n'kuiika pansi pa ulamuliro umodzi, womwe ambiri amautcha ufumu waukulu woyamba m'mbiri. Mwana wake wamkazi Enheduanna adamuika kukhala mkulu wa ansembe a mulungu wa mwezi ku Ur, ndipo nyimbo zachipembedzo zomwe zimatchula dzina lake zimamuchititsa kuonedwa ngati mlakatuli woyamba kudziwika ndi dzina. Ufumu wa Akkad utagwa, Ur udadzukanso pansi pa Ur-Nammu cha m'ma 2100 BC. Iyeyu ndiye adamanga nsanja ya kachisi yotchedwa ziggurat yomwe ikadaima mpaka lero, mamita 64 m'litali ndi 45 m'lifupi patsinde pake, mkati mwake zidina, kunja njerwa zootcha zomatidwa ndi phula. Boma la nthawi imeneyi lidasiya mapale oposa 100,000. Ku Puzrish-Dagan, malo osonkhanitsirako ziweto za msonkho, ngakhale nkhosa yofa yokha inkalembedwa, ndi tsiku lake ndi dzina la woilandira. Zonsezi sizidauteteze mzindawo Aelamu ataugwera cha m'ma 2004 BC.

Mwala wa Hammurabi

Babylon, womwe owerenga Baibulo amaudziwa kuti Babulo, udali mzinda wamba mpaka Hammurabi adalowa ufumu mu 1792 BC. Adalamulira mpaka 1750 BC, ndipo pomwalira adali atagonjetsa pafupifupi chigwa chonse. Chomwe chidamutchukitsa ndi mwala wakuda wotalika mamita 2.25 wolembedwapo malamulo pafupifupi 282. Mwalawu sudapezeke ku Babylon. Afalansa adaufukula ku Susa, m'dziko la Iran, mu 1901 ndi 1902, komwe mfumu ina ya Aelamu idautengera ngati chofunkha cha kunkhondo zaka 600 Hammurabi atamwalira.

Awa si malamulo oyamba, poti a Ur-Nammu adawatsogolera ndi zaka 300, ndipo iwo pamilandu yambiri yovulazana ankalamula chipukutamisozi cha siliva. A Hammurabi ndi aukali, ndipo anthu ambiri amangokumbukira mfundo ya diso kulipa diso. Mfundoyo inkagwira ntchito pakati pa anthu olingana ulemu basi. Mfulu ikaboola diso la mfulu inzake, nayo inkaboolewa diso, koma ikaboola la munthu wamba inkalipa siliva, ndipo likakhala la kapolo inkapereka theka la mtengo wa kapoloyo. Mmisiri womanga nyumba yomwe yagwa n'kupha mwini wake ankaphedwa, ndipo ikapha mwana wa mwini nyumba, wophedwa ankakhala mwana wa mmisiriyo, yemwe mwina sadagwireko n'njerwa yomwe.

Pali zigawo zina zosatchuka zomwe zimaonetsa bwino moyo wa m'chigwachi. Mlimi wonyalanyaza mlambala wa munda wake mpaka madzi kuphulika n'kuononga minda ya anzake ankabweza mbewu zonse zoonongekazo, ndipo akalephera ankagulitsidwa pamodzi ndi katundu wake. Mlimi wangongole yemwe munda wake wakokoloka ndi madzi kapena wapsa ndi chilala sankabweza mbewu kapena kulipira chiwongoladzanja chaka chimenecho. Koposa zonse, malamulowa amalemekeza cholembedwa. Wosungitsa siliva kwa mnzake popanda mboni ndi pangano adalibe mlandu woti n'kudandaula mnzakeyo akakana, ndipo mkazi wotengedwa popanda pangano sankawerengedwa kuti ndi wokwatiwa. Komabe mapale ambirimbiri a milandu yeniyeni ya nthawiyo satchula mwalawu poweruza, zomwe zimachititsa akatswiri ena kuganiza kuti cholinga chake chachikulu chidali kuonetsa milungu ndi anthu kuti mfumuyo idali yachilungamo.

Anthu wamba nawo adasiya mawu awo. Cha m'ma 1750 BC, munthu wina wotchedwa Nanni adalembera kalata wamalonda wa ku Ur dzina lake Ea-nasir, yemwe ankaitanitsa mkuwa kuchokera ku Dilmun, komwe lero ndi Bahrain. Nanni akudandaula kuti adampatsa mkuwa wachabechabe, kuti adanyoza wantchito wake, ndi kuti adam'bweza chimanjamanja kudzera m'dera la adani. M'nyumba yomweyo mudapezekanso makalata ena a madandaulo ofanana. Phale la Nanni lili ku British Museum, ndipo masiku ano anthu amaseka nalo pa intaneti chifukwa aliyense yemwe adagulako katundu wachinyengo amadziona momwemo. Kumpoto, amalonda a mzinda wa Assur ankayenda ndi abulu ulendo wa makilomita pafupifupi 1,000 kupita ku Kanesh, pakati pa Turkey, atasenza nsalu ndi chitsulo cha tini. Mapale oposa 20,000 adapezeka kumeneko, ndipo ena ndi makalata a akazi otsala ku Assur, omwe ankawomba nsaluzo, akufunsa amuna awo chifukwa chomwe siliva wakeyo sakufika.

Chifukwa chake ola lili ndi mphindi 60

Alembi ankaphunzira kusukulu yotchedwa edubba, kutanthauza nyumba ya mapale. Ku Nippur, mzinda wopatulika wa mulungu Enlil, kudapezeka mapale ambiri a ana asukulu, mphunzitsi atalemba mbali imodzi, mwana akutsanzira mbali inayo ndi dzanja losakhazikika. Kupatula zizindikiro mazanamazana, mwana ankaloweza miyeso ndi matebulo a kuchulukitsa.

Powerengera ankagwiritsa ntchito magulu a 60 m'malo mwa magulu a 10 omwe dziko lidazolowera lero. Kwa munthu wogawa katundu, 60 ndi nambala yabwino chifukwa imagawika popanda chotsala ndi 2, 3, 4, 5, 6, 10, 12, 15, 20 ndi 30. Masekeli 60 a siliva ankapanga mina imodzi, ndipo mamina 60 ankapanga talente. Chiwongoladzanja chozolowereka pa ngongole ya siliva chidali sekeli imodzi pa mina iliyonse mwezi uliwonse, zomwe zikufanana ndi 20 peresenti pachaka. Wobwereka barele ankalipira zoposa pamenepo, gawo limodzi mwa magawo atatu.

Kuchoka pa kuyeza minda ndi kuwerengera njerwa, alembi adafika patali. Kaphale kozungulira kosungidwa ku yunivesite ya Yale kakusonyeza kutalika kwa mzere wodutsa pakati pa sikweya kuchoka pangodya kufika pangodya, ndipo yankho lake n'lolondola moti kusiyana kwake ndi la kompyuta n'kochepera gawo limodzi mwa magawo miliyoni. Phale lina, Plimpton 322, lomwe lili ku yunivesite ya Columbia, lili ndi manambala otsatira lamulo lomwe ana asukulu amaphunzira m'dzina la Pythagoras, chonsecho lidalembedwa zaka zoposa 1,000 Mgirikiyo asanabadwe. Kuwerengera kwa magulu a 60 kudadutsa kwa akatswiri a zakuthambo a Chigiriki, kenako a Chiarabu, mpaka kudzakhazikika pa wotchi. Mphindi 60 za ola, masekondi 60 a mphindi ndi madigiri 360 a chinthu chozungulira zonse zidachokera kumeneko.

Moto womwe udapulumutsa mabuku

Kumpoto kwa chigwachi kudadzuka Asuri, omwe pakati pa zaka za 900 ndi 612 BC adamanga ufumu wofika mpaka ku Egypt. Ankalamulira mwa mantha. Zosema za m'nyumba zawo zachifumu zikusonyeza adani akusendedwa khungu ndi kupachikidwa pamitengo yosongoka, ndipo mitundu yogonja ankaisamutsa yathunthu kupita kumadera achilendo. Sennacherib, yemwe adazinga Yerusalemu mu 701 BC m'masiku a mfumu Hezekiya, adasandutsa Nineveh kukhala likulu lake. Mzindawu, womwe mabwinja ake ali kutsidya kwa Tigris moyang'anana ndi Mosul, udali ndi linga la makilomita 12. Kumpotoku miyala idaliko, ndipo pofuna kubweretsa madzi kuchokera kumapiri, amisiri a Sennacherib adamanga ku Jerwan mlatho wonyamula ngalande wotalika mamita oposa 280, wa miyala yosema pafupifupi 2 miliyoni, zaka mazana angapo Aroma asanayambe kumanga yawo.

Mdzukulu wake Ashurbanipal ankadzitama kuti amadziwa kuwerenga ndi kulemba, luso lomwe mafumu ambiri adalibe. Adasonkhanitsa ku Nineveh mapale ochokera m'mizinda yakale ya kummwera, ena okopedwa, ena ongolandidwa: za mankhwala, za maula, mapemphero, madikishonale a Chisumeri ndi Chiakadi, ndi nthano. Mu 612 BC, Ababulo ndi Amedi adagwirizana n'kuwotcha Nineveh. Laibulale ya mapepala ikadasanduka phulusa. Koma dongo likapsa limalimba ngati njerwa, choncho moto womwe udathetsa ufumu wa Asuri ndi womwewo udasunga mabuku ake. Pakati pa 1849 ndi 1853, Austen Henry Layard ndi Hormuzd Rassam, mbadwa ya ku Mosul, adafukula mapale ndi zidutswa zomwe zonse pamodzi zimaposa 30,000.

Nineveh itagwa, Babylon idafika pachimake pansi pa Nebuchadnezzar II, yemwe adalamulira kuyambira 605 mpaka 562 BC. Ndiye adamanga chipata cha Ishtar cha njerwa zonyezimira zobiriwira ngati thambo, chokongoletsedwa ndi zithunzi za ng'ombe ndi zinjoka, komanso adamaliza nsanja ya Etemenanki, mamita 91 mbali iliyonse patsinde, yomwe ambiri amaigwirizanitsa ndi nkhani ya nsanja ya Babele. Ndiyenso adawononga Yerusalemu n'kutengera Ayuda kuukapolo. Apanso lisiti lidachitira umboni. M'chipinda china cha nyumba yachifumu mudapezeka mapale a phoso la akaidi, ndipo pamndandanda wa olandira mafuta pali Yehoyakini, mfumu ya Yuda, ndi ana ake. Za minda yolenjekeka yotchuka ija, yomwe Agiriki adaiika m'gulu la zodabwitsa zisanu ndi ziwiri za dziko, ofukula sadapezeko umboni wogwirika ku Babylon, ndipo katswiri wa ku Oxford Stephanie Dalley akuti mindayo idali ku Nineveh.

Ntchito yokhalitsa ya Babylon idachitika usiku. Kwa zaka pafupifupi 600, kuyambira cha m'ma 650 BC, alembi a kukachisi ankalemba tsiku ndi tsiku malo a mwezi ndi nyenyezi, nyengo, kuya kwa Euphrates ndi mitengo ya barele, zipatso za kanjedza ndi ubweya pamsika. Cholinga chawo chidali kuombeza zomwe milungu yakonzera mfumu, koma kaundula wautali chonchi adawaonetsa kuti zakumwamba zimabwerezabwereza. Adazindikira kuti kadamsana amabweranso mofanana pakatha miyezi 223, zomwe ndi zaka 18 ndi masiku ochepa, ndipo adayamba kulosera. Nyenyezi ya mchira yomwe lero imatchedwa Halley adailemba itaoneka mu 164 BC ndi mu 87 BC. Ntchitoyi idapitirira ngakhale Cyrus wa ku Persia atalanda mzindawu mu 539 BC, ngakhalenso Alexander Wamkulu atafera momwemo mu 323 BC.

Kuiwalika ndi kuwerengedwanso

Chomwe chidapha cuneiform ndi kalembedwe kosavuta. Chiaramu chidali ndi zilembo 22 zokha, zolembedwa ndi inki pachikopa kapena pagumbwa, ndipo anthu adachikonda. Mapale omaliza odziwika ndi a zakuthambo, olembedwa cha m'ma 75 Yesu atabadwa. Zikopa ndi gumbwa zija zidaola pafupifupi zonse, pomwe dongo lidatsala m'nthaka popanda ndi mmodzi yemwe wotha kuliwerenga kwa zaka pafupifupi 1,800.

Chinsinsi chidamasuka mothandizidwa ndi thanthwe la Behistun ku Iran, pomwe mfumu Darius idalembetsa uthenga umodzi m'zinenero zitatu. Henry Rawlinson adakwera thanthwelo kukakopa zolembazo, ndipo m'busa wina wa ku Ireland, Edward Hincks, adatulukira zambiri za momwe zizindikirozo zimagwirira ntchito. Poti anthu ankakayika, mu 1857 bungwe la Royal Asiatic Society lidalandira zomasulira za akatswiri anayi omwe adamasulira cholembedwa chimodzi aliyense payekha. Atatsegula maenvelopu adapeza kuti mfundo zikuluzikulu zikugwirizana.

Mu 1872, George Smith, yemwe adayamba ntchito ngati wozokota zithunzi za ndalama zamapepala ndipo adadziphunzitsa yekha cuneiform, ankasanthula zidutswa za ku Nineveh ku British Museum. Adapeza nkhani ya munthu yemwe mulungu adamuchenjeza za chigumula, n'kukhoma chombo, kulowetsamo banja ndi nyama, kenako kutumiza mbalame kukaona ngati madzi aphwa. Chidali chigawo cha nthano ya Gilgamesh, mfumu ya ku Uruk ija, yomwe mnzake wapamtima atamwalira idayendayenda kufunafuna moyo wosatha koma osaupeza. Smith adawerenga zomwe adapezazo pa 3 Disembala 1872 pamsonkhano womwe padali nduna yaikulu ya Britain, William Gladstone, ndipo nkhaniyi idautsa mtsutso waukulu chifukwa chofanana ndi ya Nowa. Nyuzipepala ya Daily Telegraph idamulipirira ulendo wokafufuza zidutswa zotsala ku Nineveh. Smith adamwalira ku Syria mu 1876, ali ndi zaka 36, paulendo wake wachitatu.

Chuma chambiri cha mizindayi lero chili kutali ndi kwawo. Chipata cha Ishtar, chomwe Robert Koldewey adafukula pantchito yomwe idayamba mu 1899, adakachimanganso ku Berlin, mwala wa Hammurabi uli ku Paris, ndipo laibulale ya Ashurbanipal ili ku London. Zotsala ku Iraq zaona mavuto. M'zaka za m'ma 1980, Saddam Hussein adamanga pamwamba pa mabwinja a Babylon ndi njerwa zodindidwa dzina lake, potsanzira Nebuchadnezzar. Mu Epulo 2003, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Baghdad idabedwa zinthu pafupifupi 15,000, ndipo asilikali a America ndi Poland adamanga msasa pamabwinja a Babylon. Mu 2015 gulu la Islamic State lidaphwanya zosema za ku Nimrud ndi ku Mosul. Mitsinje iwiri ija nayo ikuphwera chifukwa cha madamu a kumtunda ndi chilala, ndipo mchere wabwereranso m'minda ya kummwera.

Pali zina zomwe zabwerera. Mu 2021 dziko la America lidabweza ku Iraq zinthu pafupifupi 17,000 zomwe zidatuluka mozemba, kuphatikizapo phale la nthano ya Gilgamesh. Bungwe la UNESCO lidaika Uruk, Ur ndi Eridu pamndandanda wa malo ofunika kutetezedwa mu 2016, ndipo Babylon idalowa mu 2019. Mapale omwe afukulidwa mpaka pano amaposa theka la miliyoni, koma anthu odziwa kuwawerenga ndi ochepa kwambiri padziko lonse, moti ambiri akadali m'madirowa osamasuliridwa. Ndipo mzinda wa Akkad, likulu la Sargon, womwe dzina lake limapezeka pamapale ambirimbiri, sudapezekebe pomwe udali.